Akaunti ya wophunzira pa banki ina ya pa Kasungu: zimene tinalandira ndi zimene anatikaniza

Mwana wa mlongo wanga atasankhidwa kukaphunzira ku Mzuzu University, udindo womuperekeza ku banki unagwera ine, chifukwa kwathu kuno nkhani zotere amazisiya m'manja mwa atsibweni, komanso chifukwa ndine ndimakhala pa Kasungu boma pamene makolo ake ali kumudzi cha ku Santhe. Tinapita kukafunsa zinthu ziwiri: akaunti ya wophunzira, ndi mwayi woti mwanayo azitha kutapa ndalama kupitirira zimene zili mu akauntimo zinthu zikamuthina, umene a banki amautcha overdraft. Akauntiyo tinatsegula, ndipo tsopano yagwira ntchito semesita yathunthu, koma overdraft anatikaniza. Ndikulemba izi chifukwa chaka chilichonse mayina akatuluka, makolo ambiri a m'boma lino amayamba kuganiza za banki kutatsala masiku awiri kuti mwana akwere basi, ndipo ndaona ndi maso anga kuti masiku awiri sakwanira. Dzina la bankiyo sinditchula, popeza zina mwa zimene ndidandaule zikhoza kukhala za nthambi imodziyi yokha, ndipo sindikufuna kudetsa mbiri ya anthu amene anatilandira mwaulemu.

Kwa mwana wopita kuyunivesite, akaunti si chinthu chodzionetsera nacho. Bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa mu 2015, limalipira fizi molunjika kusukulu, koma ndalama yoti mwana adyere ndi kulipirira pogona, imene ophunzira amangoti upkeep, imadzera mu akaunti ya mwini wakeyo. Akaunti ya mayi ake kapena ya atsibweni ake siithandiza pamenepa. Kuwonjezera apo, bambo a mtsikanayu ndi mlimi wa fodya amene amagulitsa ku Chinkhoma, ndalama zawo zimalowa ku banki nthawi ya msika, ndipo kusamutsa ndalama kuchoka mu akaunti ina kupita mu ina n'kotetezeka kusiyana ndi kutapa, kumanga pansonga ya chitenje ndi kupatsira munthu amene akulowera kumpoto. Ena amati Airtel Money kapena TNM Mpamba n'zokwanira, ndipo pa ndalama ya ndiwo ndi ya sopo akunena zoona. Koma ndalama ya miyezi inayi ikakhala pa foni imasungunuka msanga, chifukwa ejenti ali pangodya iliyonse, ndipo mnzake akapempha, kutumiza kwake n'kungodina mabatani.

Tinasankha dala kupita Lachiwiri la pakati pa mwezi. Aliyense wokhala pa Kasungu amadziwa kuti kumathero a mwezi, aphunzitsi, apolisi ndi anamwino akalandira, mzere wa pa ATM umafika mpaka kumsewu, ndipo msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu April, m'banki mumadzaza alimi kuyambira m'mawa mpaka potseka. Ngakhale tinasankha tsiku labwino chotero, tinadikira kupitirira ola limodzi, chifukwa tebulo lotsegulira maakaunti linali limodzi, ndipo mayi amene anakhalapo ndi yemwenso ankathandiza otaya makhadi, oiwala nambala yachinsinsi ndi obwera kudzasinthitsa nambala ya foni. Mlonda wa pakhomo anatithandiza kuposa chikwangwani chilichonse cha m'katimo. Atangoona envulopu ya khaki m'manja mwa mtsikanayo, anafunsa ngati tabwera kudzatsegula akaunti, natilozera pokhala, natiuziratu kuti tikachititse fotokope ya chiphaso mbali zonse ziwiri pa shopu ya kutsidya kwa msewu nthawi yathu isanakwane. Akanapanda kutero, tikanafika pa tebulo n'kubwezedwa, n'kuyambiranso mzere.

Anafuna chiphaso cha unzika chochokera ku National Registration Bureau, chija ambiri tinalembetsa mu 2017 ndipo mwana amayenera kukhala nacho akakwanitsa zaka 16, kalata yosonyeza kuti wasankhidwa kuyunivesite, zithunzi ziwiri zazing'ono, ndi umboni wa kumene amakhala. Umboni wotsirizawu ndi umene umavutitsa ana a kumudzi, popeza a m'tauni amangonyamula bilu ya ESCOM kapena ya madzi, pamene kwa mlongo wanga kulibe magetsi ndipo madzi amatunga pa mjigo. Bankiyi inalandira kalata ya a nyakwawa yokhala ndi chidindo, ndipo pa ichi ndikuiyamikira. Kuseri kwa fomu kunali malo oti munthu ajambulepo mapu a kwawo. Ndinamuona mtsikanayo atagwira cholembera kwa kanthawi, kenaka anajambula msewu waukulu, kanjira kopatukira kumanzere, tchalitchi, mjigo, chigafa cha bambo ake, ndipo pambali pa nyumba anaikapo kamtengo ka mango. Mayi wa pa tebulo atayang'ana anati mapuwo ndi omveka kuposa ambiri amene amalandira. Alipo ena amene amapsa mtima ndi mafunso oterewa poganiza kuti banki ikuwakayikira, koma malamulo a dziko lino olimbana ndi kuzembetsa ndalama, kuphatikizapo Financial Crimes Act ya 2017, amakakamiza banki iliyonse kudziwa bwino munthu amene ikumusungira ndalama, choncho palibe chifukwa chokanganirana ndi kalaliki pa nkhaniyi.

Vuto lenileni linatulukira pa dzina. Pa chiphaso cha unzika, dzina la bambo la mtsikanayu lili ndi chilembo cha h pakati, pamene pa kalata ya sukulu chilembocho palibe, ndipo m'banja monse munalibe amene anali atazindikirapo. Mayi uja anaika mapepala awiriwo moyandikana, naloza ndi nsonga ya cholembera, nafotokoza kuti banki imatsata zimene zili pa chiphaso, ndipo kuti dzina la pa fomu ya ngongole likadzasiyana ndi la pa akaunti, ndalama ikhoza kuchedwa kapena kubwerera kumene yachokera, mwana ali kale ku Mzuzu. Anatilangiza kuti mapepala onse otsatira alembedwe monga momwe zilili pa chiphaso, ndiponso kuti akafika kusukulu akakonzetse dzinalo ku ofesi yolembetsa ophunzira. Vuto lachiwiri linali la SIM. Nambala imene mwanayu wakhala akugwiritsa ntchito inalembetsedwa m'dzina la mayi ake, monga zilili m'mabanja ambiri kuyambira pamene bungwe loyang'anira za mafoni la MACRA linalamula mu 2018 kuti nambala iliyonse ikhale ndi mwini wodziwika, koma a banki anafuna nambala ya iye mwini, chifukwa ndi imene imalandira mauthenga a ndalama zolowa ndi zotuluka. Tinatuluka, tinagula SIM ina ndi kuilembetsa, ndipo pobwerera anatilola kupitiriza osaimanso pa mzere. Zinthu ziwiri zazing'onozi zinatidyera m'mawa wonse, ndipo kholo likhoza kuziona lili kunyumba, pongoika mapepala a mwana pamodzi ndi kuwerenga dzina chilembo ndi chilembo.

Chimene chinandikhudza mtima ndi momwe mayiyu ankalankhulira ndi mwanayo. Poyamba mafunso ndinkayankha ndine, monga timachitira akuluakulu tikaperekeza mwana, koma iye anandipempha mwaulemu nati, "Bambo, pepani, muwalole achemwaliwa ayankhe okha, akauntiyi ndi yawo." Kenaka anatembenukira kwa mtsikanayo nati, "Achemwali, nambala yachinsinsi musauze munthu, ngakhale atsibweni anuwa, ngakhale wina ataimba foni n'kunena kuti ndi wa ku banki. Ife sitifunsa nambala imeneyo." Mwanayo anandiyang'ana mwamanyazi, ndipo ndinamuuza kuti amvere zimenezo, chifukwa akuba a pa foni achuluka, ndipo mwana woleredwa bwino, amene anazolowera kusabisira akuluakulu kanthu, ndi amene amakodwa mosavuta ndi mawu aulemu a munthu wosamudziwa. Popeza foni yake inali ya mabatani, anamuphunzitsanso nambala yodina pofuna kuona balansi ndi kusamutsa ndalama, namuuza kuti ayese pomwepo iye akuona, ndipo sanamufulumizitse ngakhale analakwitsa kawiri.

Pa nkhani ya ndalama zimene banki imadula ndi pamene ndinaona kufooka kwakukulu. Tinauzidwa kuti akaunti ya wophunzira sadulapo kanthu mwezi ndi mwezi, ndiponso kuti ndalama yotsegulira ndi yochepa, ndipo zonsezi zinali zoona. Koma mawu akuti yaulere, amene anabwerezedwa kangapo, amasocheretsa. Nditafunsa chimodzichimodzi, ndinapeza kuti khadi n'logula, kutapa pa ATM amadula, kutapa pa ATM ya banki ina amadula yochulukirapo, kusamutsa ndalama kupita ku foni amadula, ndipo ukapita kwa ejenti kukatapa ndalama yomweyo, kampani ya foni idulanso yake. Palibe chimodzi mwa izi chimene chinatchulidwa ndisanafunse. Pepala la mitengo lilipo, lomatidwa pakhoma pafupi ndi khomo, koma ndi la m'Chingerezi, zilembo zake n'zing'onozing'ono, ndipo ladzaza ndi mizere yokhudza amalonda otumiza ndalama kunja, moti mzere wokhudza wophunzira umachita kuusakasaka. M'boma limene makasitomala ambiri ndi alimi, sindikuona chimene chingalepheretse banki kusindikiza kapepala kamodzi ka m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kosonyeza mitengo yochepa imene munthu wamba amakumana nayo tsiku ndi tsiku. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mwana wa zaka 19 amene akulowa m'banki koyamba sadziwa n'komwe choti afunse, ndipo ndi udindo wa amene akumutsegulira akaunti kumuyambira nkhaniyo.

Palinso china chimene ife sitinaganizire, ndipo a banki sanatikumbutse. Kuyambira 2015, pamene National Switch inalumikiza makina a mabanki a m'dziko muno, khadi la banki imodzi limagwira ntchito pa ATM ya banki ina, ndipo zimenezi zinachepetsa mavuto ambiri. Komabe popeza kutero kumadula ndalama yochulukirapo, funso loyamba posankha banki liyenera kukhala lakuti makina amene ali pafupi ndi sukulu ya mwanayo ndi a banki iti, osati lakuti banki imene bambo ake amalandirirako ndalama ya fodya ndi iti. Ife tinatsata banki ya bambo ake, ndipo mtsikanayo amayenera kusankha pakati pa kudulidwa yochuluka pafupi ndi sukulu kapena kulipira ulendo wopita m'tauni.

Ndifike tsopano pa overdraft, imene inali chifukwa chachikulu chimene ndinapemphera tchuthi kuntchito tsiku limenelo. Maganizowo ndinawatenga kwa mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi, yemwe pano ndi namwino ku Manchester. Iye anandiuza kuti ku England mabanki amachita kupikisana pokopa ophunzira, ndipo mwana akasonyeza umboni woti walandiridwa kuyunivesite, ambiri mwa mabankiwo amamutsegulira akaunti yokhala ndi overdraft yopanda chiwongoladzanja pa nthawi imene akuphunzira, kuti izimuchirikiza podikira ngongole ya boma, imene kumeneko imabwera katatu pachaka. Kwa amene mawuwa ndi achilendo, overdraft imafanana ndi Kutapa wa Airtel kapena Pasavute wa TNM, pamene umagwiritsa ntchito zimene ulibe, ndipo ukangoika zako amayamba adula zawo. Kusiyana kwake n'kwakuti apa ndi ndalama zenizeni, malire ake mumagwirizana ndi banki, ndipo kuno kwathu chiwongoladzanja chimawerengedwa tsiku ndi tsiku pa ndalama imene watapayo kufikira utabweza.

Nkhawa yanga inali masabata oyambirira. Ngongole ya boma si aliyense amene amaipeza, ndipo ngakhale amene waipeza sapita kusukulu ndalamayo ili kale m'thumba, pamene eni nyumba ku Luwinga, kumene kuli yunivesiteyo, amafuna lendi tsiku lolowa, njala siidikira, ndipo ku Mzuzu kumazizira moti bulangeti limodzi la ku Santhe silikwanira. Kuchokera pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama imene kale inkakwanira mwezi imathera panjira, ndipo kholo lililonse likudziwa zimenezi popanda kuuzidwa. Nditafotokoza zonsezi, mayi uja anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anayankha kuti, "Bambo, overdraft timapereka kwa amene malipiro ake amadzera kuno, kapena kwa wa bizinesi amene akaunti yake taiona ikuyenda kwa miyezi ingapo. Wophunzira alibe malipiro, ndipo upkeep ndi ngongole kale." Ndinafunsa ngati ndingamuimire ine ndi malipiro anga, ndipo anati zikatero ngongoleyo ikhale yanga, pa akaunti yanga, osati pa ya mwana. Nkhani inathera pomwepo.

Ndinatuluka m'bankimo ndili wokhumudwa, koma usiku ndinakhala pansi ndi pepala. Mu February 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake chachikulu kufika pa 26 peresenti, ndipo ngongole za anthu wamba m'mabanki zimakhala pamwamba pa mlingo wotere, choncho kuyembekezera kuti banki ya kuno ibwereketse mwana popanda chiwongoladzanja, monga amachitira ku England, kunali kufanizira zinthu zosafanana. Tiyerekeze kuti banki ikulipiritsa 36 peresenti pachaka. Pa K100,000 ndiye kuti ndi pafupifupi K3,000 pamwezi, osawerengera ndalama imene amadula povomereza overdraft. Ndalama imeneyi payokha si yoopsa kwenikweni. Choopsa ndi chakuti upkeep ikalowa imagwera m'dzenje, banki imatenga yake tsiku lomwelo popanda kufunsa, ndipo mwana amayamba semesita ndi theka la zimene amayembekezera, n'kutapanso, n'kumangozungulira momwemo zaka zinayi. Mwana amene sanagwirepo ndalama yoposa ya thiransipoti akaona pa foni kuti akhoza kutapa K100,000, n'kovuta kuti akumbukire kuti si yake. Ndipo akalephera kubweza, dzina lake limapita ku mabungwe osunga mbiri ya angongole, amene lamulo la Credit Reference Bureau Act la 2010 linawatsegulira njira, kotero kuti tsiku limene adzafune ngongole yoyambira bizinesi atamaliza maphunziro, mbiri ya chaka choyamba idzamutsogolera. Tisaiwalenso kuti mwanayu adzatuluka m'yunivesite ali kale ndi ngongole ya boma yoti abweze. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo ndalama imene sinalowe mu akaunti si yoidyeratu. Pa mfundo imeneyi ndinavomereza kuti bankiyo sinalakwe kutikaniza.

Koma sindinganene kuti inachita zonse zimene ikanatha, ndipo apa ndi pamene mtima wanga sunakhazikike mpaka lero. Kukana overdraft sikuchotsa njala ya masabata oyambirira, kumangoikankhira kwina, ndipo tonse tikudziwa kumene imapita. Imapita kwa akatapila, amene sasowa paliponse pamene pali ophunzira, amene sakufunsa kalata ya a nyakwawa kapena mapu a kwanu, amangotenga foni, laputopu kapena khadi la ATM lomwelo ngati chikole. Akatapila amene ndawaona ine pa boma pano, ukatenga K100,000 amafuna K150,000 pakutha pa mwezi, ndipo aliyense akhoza kufananitsa K50,000 imeneyo ndi K3,000 ya banki ija. Kwa mwana wamkazi ngoziyo ndi yokulirapo, chifukwa alipo abambo amene amadikira nthawi yomweyi ndi ndalama m'manja, ndipo zimene amafuna pobweza si ndalama. Banki imene ikudzitamandira kuti ili ndi akaunti ya ophunzira iyenera kuganizira mpata umenewu. Sindikupempha overdraft yotseguka ayi. Ndikunena kandalama kochepa, kokwanira lendi ya mwezi umodzi, koperekedwa kwa wophunzira yekhayo amene wasonyeza umboni woti ngongole ya boma yavomerezedwa, kobwezedwa kamodzi upkeep ikalowa, ndipo chiwongoladzanja chake n'kulembedwa m'makwacha pa pepala limene mwana ndi kholo asainira limodzi. Ngati zimenezi n'zosatheka, akanatha kungokhala nafe mphindi zisanu ndi kutilangiza momwe tingakonzekerere masabata amenewo. Mayi amene anali wodekha chotere pa nkhani ya dzina ndi ya nambala yachinsinsi, pa nkhani iyi analibe choti atipatse, ndipo ndikukhulupirira kuti vuto silinali iye koma ndondomeko imene anapatsidwa.

Khadi anati lituluka pakatha sabata imodzi, koma linatuluka patatha masabata atatu. Tinapitako kawiri osalipeza, ndipo ulendo umodzi mwanayo anachita kuchokera ku Santhe pa minibasi, ngakhale anali atalonjezedwa kuti adzalandira uthenga pa foni likafika. Uthengawo sunabwere, ndipo tsiku limene tinalipeza, khadilo linali litakhala kale m'kabati masiku anayi. Popeza tinayamba msanga, kuchedwaku sikunatipweteke, koma amene angatsegule akaunti sabata yonyamuka adzapita kusukulu opanda khadi, ndipo adzayenera kulitsatira ku Kasungu kapena kupempha kuti alitumize ku nthambi ina. Akaunti yeniyeniyo inayamba kugwira ntchito tsiku lomwelo tinatsegula, ndipo nambala yake anatilembera pa kapepala, moti fomu ya ngongole tinadzaza popanda kudikira khadi.

Pa semesita yonseyi, ndalama zimene takhala tikumutumizira zakhala zikufika nthawi yomweyo, ndipo uthenga wa pa foni sunaphonyepo. Tsoka linamugwera kamodzi, Lachisanu lina madzulo, pamene makina a ATM anawerenga ndalama m'kati, osatulutsa kanthu, koma uthenga n'kubwera wonena kuti watapa K40,000. Anandiimbira akulira, nati, "Atsibweni, ndalama ya lendi yapita." Ndinamuuza kuti asachokepo asanalembe nthawi, malo a makinawo ndi ndalama imene anafuna kutapa, ndiponso kuti asafufute uthengawo. Lolemba anakadandaula ku nthambi ya ku Mzuzu, anamudzazitsa fomu, ndipo ndalamayo inabwerera pa tsiku lachisanu ndi chitatu. Inabwerera yonse, ndipo ndikuyamikira, koma masiku 8 ndi ambiri kwa mwana amene akuopa kuti mwini nyumba azimugogodera chitseko m'mawa uliwonse, ndipo pa masiku onsewo palibe wa ku banki amene anamuimbira kumuuza pamene nkhani yafika. Ndi bwino makolo adziwe kuti dandaulo likakanika ku banki, munthu ali ndi ufulu wolipititsa ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki onse, ngakhale ife sitinafike pamenepo.

Lendi ya mwezi umenewo inalipidwa pa nthawi yake chifukwa cha zimene tinakonza pabanja atatikaniza overdraft. Tinakhala pansi kumudzi mwanayo asananyamuke, bambo ake anagulitsa mbuzi ziwiri, mayi ake anatenga gawo lawo ku banki m'khonde, ine ndinawonjezerapo, ndipo ndalama imeneyo tinaigawa pawiri. Gawo loyamba linalowa mu akaunti yake kuti likhale la lendi, chakudya ndi bulangeti la masabata oyambirira. Gawo lachiwiri linakhala mu akaunti yanga, ndipo tinagwirizana kuti ndizimutumizira pokhapokha zinthu zikavuta, iye n'kubweza popanda chiwongoladzanja upkeep ikalowa. Watapako kawiri, ndipo kawiri konse wabweza yekha ndisanamukumbutse. Atabwera ku tchuthi tinapitanso ku nthambi ya pa Kasungu kukapempha stetimenti ya miyezi yonseyo, imene nayonso amadulira ndalama, ndipo titakhala pakhonde anatenga cholembera n'kuyamba kuchonga mzere uliwonse wa ndalama zodulidwa. Atawonkhetsa anapeza kuti kutapa pang'onopang'ono, kanayi kapena kasanu pa sabata, kunamudyera ndalama yokwanira ndiwo za masiku angapo. Semesita ikubwerayi akuti azitapa kawiri pa mwezi pa makina a banki yake akapita m'tauni kukagula ufa, ndipo wandipempha kuti ndisamatumizenso ndalama ku foni koma molunjika mu akaunti.